Zimbale zoyamba za Elton John zotulukanso pa CD: zomwe zapirira miyezi ya kumvetsera

Nditangogula zimbale zisanu zoyambirira za mu situdiyo za Elton John, zija anazikonzanso mu 1995 n'kuzitulutsa pa dzina loti The Classic Years, ndinalemba mwachidule kuti zikumveka bwino ndipo mtengo wake sukupweteka. Zimenezo sizinasinthe. Koma chimbale chilichonse chimakoma sabata yoyamba. Tsopano zayenda nane m'galimoto, zalowa m'mahedifoni usiku, zalira pa wailesi ya pabalaza, ndiye nditha kunena zomwe dzanja limapitako lokha ndi zomwe zayamba kugwira fumbi. Zimbalezo ndi Empty Sky cha 1969, Elton John (chotchedwa dzina lake lomwe) ndi Tumbleweed Connection za 1970, Madman Across the Water cha 1971, ndi Honky Château cha 1972.

Ambirife bamboyu tinamudziwira kumapeto: "Nikita", "Sacrifice", kenako nyimbo ija ya pa maliro a Diana mu 1997. Amene ali m'zimbale izi ndi wina, mnyamata wa ku Pinner m'mbali mwa London, dzina lake lenileni Reginald Dwight, ndipo zonse zisanuzi anazijambula asanakwanitse zaka 25. Mawu ankalemba ndi mnzake Bernie Taupin, iye n'kukhala pa piyano kuwapezera nyimbo. Phindu lenileni la ma CD awa, monga ndaonera, si kuwala kwa mawu kapena nyimbo zowonjezera zomwe amanyadira pa chikuto. Ndi loti amakukakamiza kumva chimbale chathunthu, m'ndondomeko yomwe eni ake anachiyalira, m'malo momangotola nyimbo ziwiri zitatu zotchuka pa foni.

Umboni wake ndi Tumbleweed Connection. Ku Britain ndi ku America sanatulutsemo nyimbo ngakhale imodzi yogulitsa payokha, motero amene amadalira zimbale za nyimbo zosankhidwa sakumana nacho n'komwe. Komabe chinafika pa nambala 2 ku Britain ndi 5 ku America, ndipo kwanga kuno ndi chimene chatuluka m'kabokosi kake kambiri kuposa zinzake zonse. Nkhani zake ndi za America wakale: mfuti, minda, nkhondo ya pachiweniweni, mwana wotenga mfuti ya bambo ake omwe amwalira. Chodabwitsa n'chakuti Taupin analemba zonsezi asanapondeko ku America. Anali mwana wa kumidzi ya ku Lincolnshire wokonda mafilimu a anyamata oweta ng'ombe ndi nyimbo za gulu la The Band. Ngakhale chithunzi cha pachikuto, chooneka ngati siteshoni ya sitima ya kumwera kwa America, anachijambulira ku Sussex, ku England kwawo komweko. Mwina n'chifukwa chake chimbalechi sichitopetsa: ndi dziko la m'maloto, lopanda malire a zinthu zenizeni. Amene munakula mukumva Don Williams ndi Kenny Rogers pa wailesi, yambirani pa "Country Comfort", simudzamva chilendo. Kenako pitani pa "Come Down in Time", yomwe imayamba ndi zeze wa nsambo zambiri uja, mawu a Elton ali pansi ngati akulankhula yekha. Poyamba ndinkaidutsa mwachangu, pano ndiyo ndimabwereza. Gitala wa Caleb Quaye mu "Ballad of a Well-Known Gun" naye amamveka ndi mano ake onse, ndipo "Burn Down the Mission", yotsekera, imasintha liwiro pakati mpaka piyano kuchita ngati ikufuna kuthyoka.

Pa nkhani ya kamvekedwe, ubwino wa mndandanda wa 1995 ndi wakuti anauyang'anira ndi Gus Dudgeon, yemwe anatsogolera kujambula zinayi mwa zimbalezi pachiyambi pomwe. Munthuyu ankadziwa chimene chinali pa matepi. Ng'oma zili ndi mnofu, bezi sasowa, ndipo piyano ya ku Trident Studios ku London imamveka ngati chinthu cha matabwa ndi zingwe, osati mawu opangidwa ndi kompyuta. Chokhumudwitsa chimodzi chimene chatulukira ndi nthawi n'chakuti pa mahedifoni, ukakweza, pamwamba pake pamathwa pang'ono. Ukamvetsera zimbale ziwiri motsatizana makutu amapempha mpumulo. Pa masipika a m'nyumba vutoli silimveka. M'galimoto muli vuto lina, ndipo chimbale chija chotchedwa Elton John ndiye chimavutika nalo kwambiri. Mavayolini omwe anakonza Paul Buckmaster amayambira pansi zedi n'kudzaphulika mwadzidzidzi, monga mu "Sixty Years On" ndi "The King Must Die". Injini ikamalira, theka la nyimbo limamira, ukakweza wailesi theka linalo likudzidzimutsa. Chimenechi n'chimbale chokhalira pansi. Dudgeon ndi Buckmaster omwewa ndi amene anagwirira limodzi "Space Oddity" ya David Bowie mu 1969, ndipo ukamva bwino umazindikira kuti ndi manja amodzi. "Your Song" ili momwemu, nyimbo yoyamba, koma ndaimva kambiri m'maukwati moti nthawi zina ndimayambira pa yachitatu, "Take Me to the Pilot".

Tsono nyimbo zowonjezera. Apa mtima wanga uli pawiri. Zina ndi chuma chenicheni. Pa Tumbleweed Connection anaikapo "Madman Across the Water" yoyamba, ya mphindi pafupifupi 9, momwe akuimba gitala ndi Mick Ronson, yemwe anadzatchuka ndi Bowie. Ndi yaukali kuposa imene inadzatuluka mu 1971, ndipo payokha ikulipira mtengo wa CD yonse. Pa Elton John pali "Grey Seal" yoyamba, isanajambulidwenso mu 1973, ndi "Bad Side of the Moon". Koma malo omwe anaziika ndi olakwika. Chimbale chimene chamangidwa kuti chithere pa "Burn Down the Mission" chiyenera kutha pamenepo, pakhale bata. M'malo mwake, masekondi owerengeka, nyimbo ina yayamba kale, ngati mlendo wogogoda pakhomo pemphero lisanafike pa ameni. Ndazolowera kuima pafupi ndi wailesi kuti ndizimitse pa nthawi yake. "Slave" yothamanga yomwe ili kumapeto kwa Honky Château ndi yosekera kamodzi basi.

Madman Across the Water ndi chokhacho chimene mu 1995 sanachiwonjezere kanthu, ndipo chapindula nazo: chimathera pa "Goodbye", kanyimbo kosakwana mphindi ziwiri, n'kukhala chete. Kwawo ku Britain chimbalechi sanachilandire bwino, chinathera pa nambala 41, pomwe ku America chinalowa m'gulu la khumi zapamwamba. Ndikumvetsa mbali zonse. Theka loyamba la chimbalechi, mbali ya "Tiny Dancer" ndi "Levon", ndi yolimba kwambiri. Ikatha, mavayolini amayamba kulemera, ndipo "Indian Sunset", nkhani ya msilikali wa eni dziko a ku America, imasakaniza mitundu ya anthu ndi mbiri zawo mosasamala. Ndimachiika ndikakhala ndi mtima wofuna zolemera, zomwe sizichitika sabata iliyonse.

Za Empty Sky sindichulutsa. Ndi ntchito ya anyamata ophunzira, yojambulidwa mu situdiyo yaing'ono ya Dick James, mwini kampani yotulutsa nyimbo zawo, wotsogolera ali Steve Brown, ndipo ku America sichinatuluke mpaka 1975. Palibe kukonza komwe kungachisandutse china. "Skyline Pigeon" ili momwemo, koma iye mwini anadzaijambulanso bwino pa piyano n'kuiika kuseri kwa kachimbale ka nyimbo ya "Daniel". Zowonjezera ngati "Lady Samantha" zikuposa nyimbo zambiri za m'chimbale chenichenicho. Ichi ndiye chagwira fumbi.

Honky Château ndi cha masana, chophikira ndi chochapira. Anachijambulira ku Château d'Hérouville kufupi ndi Paris, ndipo aka kanali koyamba kuti gulu lomwe ankayenda nalo m'makonsati liimbe chimbale chonse: Dee Murray pa bezi, Nigel Olsson pa ng'oma, ndi Davey Johnstone, wongolowa kumene m'gululi, pa gitala. Gulu la mavayolini la Buckmaster mulibe, mpweya umalowa. Atatuwa akamayankhira limodzi mu "Rocket Man" umamva kuti ndi anthu ozolowerana. Chinali choyamba mwa zimbale zake zisanu ndi ziwiri zotsatizana zomwe zinafika pa nambala 1 ku America. M'galimoto ichi ndiye sichivuta, ndipo ana kunyumba amachilola popanda kudandaula, chinthu chimene Madman sichinakwanitsepo. "Mona Lisas and Mad Hatters" ndiyo yakula pa ine m'miyeziyi.

Pakati pa ulendowu ndinawonjezera Tumbleweed Connection ya ma CD awiri yomwe inatuluka mu 2008. CD yachiwiri ili ndi nyimbo zoyeserera, Elton yekha ndi piyano, komanso zomwe anaimba pa wailesi ya BBC. Kwa woimba piyano kapena wolemba nyimbo, ndi sukulu: umamva kuti nyimbo zinali zitaima kale pa miyendo yake gulu lisanalowemo. Kwa womvera wamba, ndi zomvera madzulo amodzi kapena awiri. Pambuyo pake kwatulukanso mabokosi okumbukira zaka 50, la Madman mu 2022 ndi la Honky Château mu 2023, odzaza ndi zoyeserera zofananazo, koma pamenepo ndalama yanga yakana.

Ngati thumba likulola ziwiri zokha, tengani Tumbleweed Connection ndi Honky Château za 1995. Anazisindikiza zambiri, ndiye zogwiritsidwapo kale ntchito zimapezeka motsika mtengo. Musanalipire, tembenuzani kabokosi muone ngati nyimbo zowonjezera zalembedwa kuseri, chifukwa ma CD akale a zaka za m'ma 1980 ali ndi zithunzi zomwezo pachikuto, ndipo gitala wa Ronson uja mulibe.