Tinthu totchipa ta karekoda kanga: tina tandithandiza, kamodzi kandichititsa manyazi

Ine ndi amene ndimajambula kwaya yathu ku Matero, nthawi zinanso ulaliki wa abusa kuti agogo amene miyendo ikuwakanika tiziwatumizira pa WhatsApp. Karekoda kake ndi Zoom H1n, kaja ka timaiki tiwiri topingasa pamwamba, ndinakagula kwa mnzanga atatopa nako ndipo kanabwera kali kokhakokha, ngakhale kachikwama ayi. Ndiye Loweruka lina ndinakwera kabasi kulowa mu tauni, kuyambira ku Town Centre mpaka ku Kamwala wapansi, m'thumba muli tindalama tochepa.

Kasiponji kovekera maiki ndinagula mosaganizira kawiri ndipo m'tchalitchi kamakwanira, abusa akanena "mphamvu" sikumvekanso phuu ngati thumba laphulika. Koma panja ndi nkhani ina. Amene wakhala mu Lusaka mwezi wa Ogasiti akuidziwa mphepo ija yobwera ndi fumbi lake, siponji payokha imagonja, pamafunika kaubweya kaja kamene ana a kwaya anakapatsa dzina loti khoswe. Kanga kalibe ndi dzina la kampani lomwe, ubweya umathothoka pang'ono, koma tinajambula nako pa maliro panja mphepo ikukuntha ndipo mawu a alto anamveka bwinobwino.

Maiki yokoleka pa kolala ndinatenga Boya BY-M1. Chingwe chake ndi mamita 6, ine ndimakhala pa benchi yachiwiri rekoda ili m'manja abusa ali pa guwa. Kali ndi kabatire kozungulira ka LR44 ndi kaswitchi kosankhira foni kapena kamera, pa rekoda mumayika ku kamera. Ulendo woyamba ndinaiwala kuzimitsa sabata yonse batire nkutha, limenelo ndi vuto langa. Mukamagula zingwe zina zowonjezera, werengani timizere takuda pa pulagi: tiwiri ndi ta rekoda ndi kamera, titatu ndi ta foni, ogulitsa ambiri amangoti zonse zimalowa, inde zimalowa koma mawu osatuluka.

Mu rekodamo mabatire amalowa awiri a AAA. Mu 2024 muja madzi atachepa ku Kariba malaiti nkumazima tsiku lonse, ndinaphunzira kukhala ndi otchaja anayi, awiri m'kati awiri m'thumba, kutchaja usiku malaiti akangobwera. Otchaja amatulutsa 1.2V pomwe wamba ndi 1.5V, ndiye mulowe mu menyu muiuze rekoda mtundu wa batire, apo ayi kachizindikiro ka mphamvu yotsala kamakunamizani. Pawabanki ya foni nayonso imayendetsa kudzera pa USB. Katraipodi ka pulasitiki ndi mahedifoni a waya, basi tangokhala bwino, palibe chonena.

Manje memori khadi. Apa mtima umandiwawabe. H1n imalandira microSD mpaka 32GB, ndipo m'shopu ina anandiuza mtengo ndinaona ngati akundibera, nditangotuluka panja mnyamata wa pa tebulo akugulitsa ya 32GB yomweyo pa theka la mtengowo, ili mu pepala lake lokongola lomata bwino. Ndinadziona wochenjera. Ola limodzi la mawu ojambulidwa mu mtundu wa fayilo wa WAV ya 44.1kHz 16-bit limadya pafupifupi 600MB ndi kakuti, ndiye khadi yeniyeni ya 32GB imayenera kunyamula maola ngati 50. Masabata oyamba zonse zinali bwino chifukwa ndinali ndisanadzaze kamalo kenikeni kamene kali m'katimo. Makhadi abodza ndi mmene amachitira, amadzionetsa aakulu pa sikirini, mukapitirira malire ake enieni rekoda imangowerenga masekondi ngati ikujambula koma zikulowa kumphepo. Tsiku limene zinandigwera ndi la ukwati wa mwana wa amayi a tcheya, nyimbo 7 zimene tinayeserera mwezi wathunthu, kufika kunyumba mayina a mafayilo alipo, kudina osatseguka, ina kumangoti shiii.

Mphwanga anaiyesa pa laputopu ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kamadzaza khadi yonse kenako nkuwerenganso, kanaonetsa kuti malo enieni sakufika ndi 4GB yomwe. Ndinabwerera pa tebulo paja, mnyamatayo sanakane nkomwe, anangoti "ba kasitoma, naine nimagula chabe," nkundipatsa ina yofanana ndendende kuti tisinthane. Ndinaisiya pomwepo, nkulowa m'shopu ija ndinainyoza poyamba, kugula ya 16GB ndi risiti yake, ndipo ndinaiyesa usiku womwewo isanalowe mu rekoda.

Amayi a tcheya sanakalipe, anangoti "mwanawe, nanga nyimbo zathu zija?" pamaso pa kwaya yonse, ine kungoyang'ana pansi. Tagwirizana kuti Loweruka likudzali tiyimbenso zonse 7 m'tchalitchi mopanda anthu, akwati akuti abwera atavalanso zovala zawo.