Dayalisisi ya ku Lilongwe kwa wodwala impso wochokera ku Kasungu

Wodwala wa kuno ku Kasungu amene impso zake zasiya kugwira ntchito amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1. Kumeneko makina amamusefa magazi m'malo mwa impso, yomwe ndi dayalisisi. Kusefa magaziko n'kwaulere m'zipatala za boma. Chomwe chimatha ndalama ndi thiransipoti, chifukwa munthu amakhala pa makina maola 4, kawiri kapena katatu pa sabata.

Thandizoli ndi labwino pamene namwino akudziwa chifukwa cha chilichonse chomwe akuchita. Yambirani pa sikelo. Wodwala amapimidwa asanalumikizidwe, ndipo makilo owonjezera pa kulemera kwake kwenikweni ndiwo madzi oti achotsedwe. Namwino wozindikira sachotsa madzi opitirira mamililita 13 pa kilogalamu iliyonse pa ola. Kwa munthu wa makilo 60, amenewo ndi malita pafupifupi 3 pa maola 4. Mukathamangitsa kuposa apo, BP imagwa, miyendo imakokana, wodwala n'kuyamba chizungulire ndi kusanza. Apa namwino amaimitsa kuchotsa madzi, kumugoneka chagada miyendo ili m'mwamba, n'kumupatsa saline (madzi amchere a m'dripi) pang'ono. N'chifukwa chake BP amayeza mphindi 30 zilizonse, osati poyamba ndi pomaliza pokha.

Kachubu ka m'khosi, kolumikizira wodwala ku makina, ndiko kamapha anthu mwakachetechete kakapanda kusamalidwa. Potsegula, namwino ndi wodwala avale masiki, pakamwa pa kachubuko apukute ndi mankhwala opha tizilombo a chlorhexidine, ndipo heparin wotsalamo (mankhwala oletsa magazi kuundana) akokedwe kaye, asakankhiridwe m'thupi. Kopanira pake kakasiyidwa kotsegula, mpweya umalowa m'mtsempha. Wodwala wa hepatitis B akhale ndi makina akeake.

Pofooka ndi masiku apakati, wodwala ali kumudzi. Akadwala malungo n'kupita ku chipatala chaching'ono, wogwira ntchito wosazolowera odwala otere akhoza kumuyeza BP kapena kubaya dripi pa mkono wa fistula (mtsempha womwe madokotala anaukonza kuti uzilumikizidwa ku makina), mtsempha n'kutsekeka. Ena amapereka mankhwala a ululu monga brufen kapena diclofenac, zomwe zimamaliza mphamvu yotsala ya impso. Dripi yambirimbiri nayo imadzaza madzi m'mapapo.

Achibale, uzani aliyense wovala yunifolomu kuti mkonowo sakhudza, ndipo zilembedwe pachikuto cha buku la kuchipatala. Nthochi, mapeyala ndi tomato wambiri zimakweza potaziyamu (mchere wina wa m'magazi) mpaka mtima kuima. Mbatata ndi masamba aziwiritsa n'kutaya madzi oyambawo.