PECS: buku la zithunzi la mwana wa autism amene salankhula

PECS (chidule cha Picture Exchange Communication System) ndi njira yophunzitsira mwana wa autism (vuto lokhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu) kupempha chinthu popereka chithunzi chake m'manja mwa munthu wina. Anaiyambitsa Andy Bondy ndi Lori Frost mu 1985 ku Delaware, m'dziko la America. Katundu wake ndi wochepa: buku lolimba la timizere ta Velcro (tinsalu ta timano tomatirana), tizithunzi tokutidwa ndi pulasitiki, ndi kabolodi komatapo chiganizo. Ife tikuti ndi njira yabwino, koma mphamvu yake ili m'kaphunzitsidwe. Kugula buku lokha n'kungotaya ndalama.

Autism imayamba ubongo ukamakula, ndipo mbali yaikulu ndi yachibadwa. Sibwera chifukwa cha katemera kapena kulera molakwika. Ana ambiri otere amagwira msanga zimene akuona kusiyana ndi zimene akumva, chifukwa mawu amapita ndi mphepo pomwe chithunzi chimakhala pomwepo. PECS yatsamira pamenepa.

Magawo ake alipo 6, koma loyamba ndilo limene anthu amaliphonya kwambiri. Pamafunika akuluakulu awiri. Wina amakhala kutsogolo atagwira chinthu chimene mwana amachikonda zedi, ali chete. Mwana akatambasula dzanja, wachiwiri amene ali kumbuyo amaligwira, kulitoletsa chithunzi ndi kuchiika m'dzanja la wakutsogolo uja. Pomwepo, sekondi isanathe, mwana apatsidwe chinthucho uku mukutchula dzina lake. Musafunse kuti "Ukufuna chiyani?" Mukatero mwana amazolowera kudikira funso, ndiye sadzayamba yekha kupempha. Wakumbuyo azichepetsa thandizo pang'onopang'ono mpaka asiyiretu. Zimenezi zichitike ka 30 mpaka 40 patsiku, ndi anthu osiyanasiyana, osati pa chakudya pokha.

Gawo lachiwiri mwana amayenda kukatenga chithunzi n'kufunafuna womupatsa. Lachitatu amasiyanitsa zithunzi: ikani cha chinthu chokondedwa ndi cha china chimene alibe nacho chidwi. Akapereka cholakwika, mupatseni chimene chithunzicho chikunena, ngakhale mtima ukuwawa, kenako mumusonyeze cholondola. Mukamupatsabe chokondedwacho, aphunzira kuti chithunzi chilichonse chimagwira. Magawo otsala ndi omanga chiganizo cha "Ndikufuna", kuyankha funso, ndi kunena zimene waona.

Ubwino wake umaoneka msanga pa kupempha. Mwana amene ankakuwa kapena kudzimenya chifukwa palibe womumva amapeza njira ina, ndipo nthawi zambiri mkwiyo umachepa. Nkhawa yoti zithunzi zimulepheretsa kulankhula ilibe umboni.

Zofooka zilipo, sitibisa. PECS sichiza autism, ndipo silonjeza kuti mwana alankhula: ena amayamba kutulutsa mawu cha pa gawo lachinayi, ena ayi. Imachita bwino pa "ndikufuna" koma imavutika pa "mutu ukundipweteka" kapena "ndikuopa", zomwe ndi zimene kholo limalakalaka kumva. Tizithunzi timasowa, Velcro imatha mano, ndipo buku likanenepa mwana amatopa kufufuza. Pamenepo ndi bwino kukambirana ndi katswiri wa kalankhulidwe za pulogalamu ya pa tabuleti yotulutsa mawu.

Sindikizani chithunzi chilichonse kawiri, china musunge. Bukulo likhale pamene mwana angalifikire yekha nthawi zonse, ndipo musamulande ngati chilango, pakuti ndiwo mawu ake.