Landlord wosasa Lachisanu, Landlord weniweni Loweruka

Alamu anga anabwera Lachisanu kuchokera ku Leicester kudzationa kuno ku Sheffield. Iwo ndi munthu wa Green kuyambira tili ku Blantyre, ndipo akandiona ndikumwa real ale, mowa wachingerezi womalizira kupsa mumgolo, amati ndikumwa mowa wofunda wa nkhalamba zachingerezi. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuwalonjeza kuti tsiku lina adzalawa Landlord, mowa wa kampani ya Timothy Taylor, wosamalidwa bwino, adzasinthe maganizo. Madzulo amenewo tinalowa m'bala ina ya kufupi ndi kwathu, yomwe sinditchula dzina, chifukwa ndinaona chizindikiro cha Landlord pa pampu tikudutsa pawindo.

Pint imodzi £5.40. Ndinalipira ziwiri osanyinyirika.

Mnyamata wa pakauntala anapopa monga amapopera mjigo, n'kutiikira matambula. Ndisanalawe n'komwe ndinadziwa kuti pali vuto. Landlord wabwino amakhala wofiirira ngati uchi, woti ukakweza tambula umaona zala zako kuseri, ndipo thovu lake limatsalira m'mbali mwa tambula mpaka kumapeto. Uyu anali wa mbuu, thovu linatha ndisanafike patebulo, fungo lake la viniga. Nditalawa, unali wosasa ngati thobwa loiwalika m'chigubu sabata yathunthu. Alamu anamwa kamodzi, anakwinya nkhope, n'kuika tambula pansi osanena kanthu. Kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa akanandiseka.

Ndinabwerera kukauntala n'kunena mwaulemu kuti mowawu wawonongeka. Mnyamatayo sanaununkhize, sanaulawe, sanayang'ane ngakhale tambulayo. Anangoti real ale amakoma choncho, mwina sindinazolowere, kapena andipatse lager. Mawu oti "simunazolowere" amenewo ndi omwe andilembetsa ndemangayi. Ndakhala mumzinda uno zaka 11, ndamwa mowa umenewu m'mabala ambirimbiri, ndipo iye anangondiyang'ana nkhope n'kuweruza kuti sindingadziwe kusiyana kwa kuwawa kwa hops, maluwa amene amawawitsa mowa, ndi kusasa kwa mowa wogona. Anthu awiri amene anali pamzere kumbuyo kwanga anamva zonse. Alamu anabwera n'kundigwira paphewa: "Alamu, tiyeni tizipita, musakangane ndi mwana." Ndinati, "Ayi alamu, dikirani pang'ono, ndalama yanga ndi yochepa koma nkhaniyi si ya ndalama."

Kwa amene simunamwepo, real ale ndi mowa wamoyo. Ife a kumudzi izi timazidziwa bwino, chifukwa chibuku chimapitiriza kuwira m'paketi, ndipo cha lero sichikoma ngati cha mkucha. Nawo mowawu umachoka kofululira usanamalize kupsa, yisiti ikadali m'mgolo, ndipo umakamalizira m'chipinda chapansi cha bala, pozizira madigiri 11 mpaka 13. Sauwonjezera gasi. Mgolo ukatsegulidwa mpweya umayamba kulowa, ndiye uyenera kutha pa masiku atatu kapena anayi, apo ayi umasanduka viniga. Mapaipi ochokera pansi kufika pa pampu nawo amafuna kutsukidwa sabata iliyonse. Choncho mowa ukasasa, mlandu si wa a Timothy Taylor ku Keighley, amene akhala akufulula kuyambira 1858 ndipo Landlord yemweyu anapambana kanayi ngati Champion Beer of Britain. Mlandu ndi wa wosunga mgolo.

Ndinapempha kuonana ndi mwini bala. Apa ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa mkwiyo wanga unayamba kutsika. Anatuluka mayi wachikulire atavala epuloni, manja onyowa. Sanafunse zambiri. Anatenga tambula yanga, anainunkhiza, analawa pang'ono, n'kuthira wonsewo mu sinki. Kenaka anatembenuza chizindikiro cha pa pampu kuti chiyang'ane kwa iwo, kutanthauza kuti mowawo sukugulitsidwanso. Anandiuza kuti mgolo unatsegulidwa Lolemba, sabata inali yopanda anthu, ndipo iwo sanaulawe m'mawa monga amachitira. Anapepesa kwa ine, anapepesanso kwa alamu, n'kutipatsa Moonshine wa Abbeydale osawonjezera ndalama. Ameneyo anali bwino ndithu, wopepuka, wonunkhira ngati ndimu. Ndinamva pambuyo pake kuti mnyamatayo wagwira ntchito masabata awiri okha. Ndikumvetsa, aliyense amayamba osadziwa. Koma kusadziwa mowa ndi kwina, kunyoza kasitomala ndi kwina, ndipo mpaka tinatuluka iye sananene pepani.

Loweruka ndinakana kuti alamu abwerere ku Leicester ndi kukoma kwa viniga m'kamwa. Tinatsikira ku Kelham Island, dera lina la mumzinda uno.

Tinayambira ku Fat Cat, pa Alma Street. Ndi kanyumba kakale ka tizipinda ting'onoting'ono, komwe malemu Dave Wickett anatsegula ngati bala ya real ale mu 1981, nthawi imene mabala ambiri ankangogulitsa mowa wa makampani akuluakulu. Pakhoma panja pali zizindikiro za pomwe madzi anafika pa kusefukira kwa 1864 ndi kwa 2007, ndipo alamu anaima pamenepo nthawi yaitali akuyerekeza ndi msinkhu wawo. Kumeneko ndi komwe analawa Landlord weniweni. Anamwa koyamba, anadikira, anamwanso, kenaka anati, "Alamu, uwu ukumveka chimera." Ndi zoona. Poyamba umamva kutsekemera kwa chimera ngati bisiketi, kenaka kuwawa kwa hops kumabwera pang'onopang'ono n'kukhalitsa pakhosi. Mphamvu yake ndi 4.3% basi, moti mutha kumwa awiri kapena atatu mukucheza bwinobwino. Ine ndinatenga Pale Rider, wa 5.2%, amene anapambana mphotho yomwe ija mu 2004. Kampani yofulula Pale Rider inatseka mu 2022 koma anthu ena, kuphatikizapo a kampani ya mowa ya Thornbridge, anaipulumutsa, ndipo ndimasangalala nthawi iliyonse ndikauona pa pampu.

Kuchoka apo ndi mphindi zochepa wapansi kukafika ku Kelham Island Tavern pa Russell Street. Bala imeneyi a CAMRA, bungwe lolimbikitsa real ale, anaisankha kukhala yabwino koposa m'dziko lonse zaka ziwiri zotsatizana, 2008 ndi 2009. Mapampu ndi opitirira khumi, ndipo chimene ndimakondera kumeneko ndi chakuti ukakayikira amakuthirira pang'ono kuti ulawe usanalipire, popanda kukuonetsa nkhope yoipa. Anthu amadzaza, migolo imatha msanga, ndiye mowa supeza mpata wogona. Tinakhala m'kamunda ka kumbuyo, alamu akulawa porter wakuda bii amene ankamveka ngati khofi wokazinga. Sanaukonde, anabwerera ku mowa woyera, ndipo palibe anawadabwa.

Lamlungu tikudikira sitima yawo tinalowa mu Sheffield Tap, pa pulatifomu 1B pa siteshoni pomwepo, m'chipinda chakale cha matailosi okongola momwe apaulendo ankadyera kalekale. Mitengo ndi yokwererako. Ndinawagulira theka la pint ya Jaipur wa Thornbridge, wa ku Bakewell. Theka lokha, chifukwa pa 5.9% umatsika mosavuta kuposa mmene uyenera, ndipo munthu wa paulendo asamwe mopitirira muyeso.

Bala ya Lachisanu ija ndikuipatsa nyenyezi zitatu pa zisanu. Pamene ndinkaimirira pakauntala ndinali wokonzeka kuipatsa imodzi, ndipo ziwiri zowonjezerazo ndi za mayi aja, amene anataya mgolo wa ndalama zawo pamaso pa makasitomala m'malo molimbikira bodza. Ndidzapitanso, koma Loweruka pamene anthu ali ambiri, ndipo ndidzapempha kulawa ndisanatulutse khadi. Alamu atumiza uthenga dzulo kufunsa ngati Landlord amapezeka ku Leicester, ndipo ndawauza ayang'ane mu Good Beer Guide ya CAMRA, asankhe bala yodzaza anthu.