Emoji, sitika, voice note kapena mawu athu: chimafikitsa mtima ndi chiti?

Mlongo wanga atandilembera liwu limodzi lokha loti "Chabwino", ndinaswera tsiku lonse ndikudzifunsa chomwe ndamulakwira. Madzulo nditamuimbira ndinapeza kuti panalibe mlandu, anali pa mzere ku chigayo ndiye analemba mothamanga. Uthenga wa pafoni ulibe nkhope, ulibenso kamvekedwe. Kwa ife vutoli ndi lalikulupo, chifukwa Chichewa chimadalira kukwera ndi kutsika kwa mawu komwe sitilemba: "mtengo" wa mango ndi "mtengo" wa shuga amalembedwa chimodzimodzi.

Ambiri timathamangira ma emoji. Tizithunzi timeneti tinachokera ku Japan, kumene Shigetaka Kurita anajambula tokwana 176 mu 1999, ta mafoni a kampani ya NTT DoCoMo. Tinafalikira ponseponse bungwe la Unicode, lomwe limagwirizanitsa zilembo za pa makompyuta ndi mafoni, litatilandira mu 2010, ndipo mu 2015 a Oxford Dictionaries, olemba madikishonale a Chingerezi, anasankha kankhope koseka mpaka misozi kukhala liwu la chaka. Emoji ndi yachangu, sidya bandulo, ndipo imafewetsa uthenga wouma. Koma kankhope kako ndi kanga n'kamodzi, sikanena kuti walemba ndani. Pa foni ya mabatani nthawi zambiri kamafika ngati kabokosi kopanda kanthu. Pa SMS pali msampha wina: uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, koma ukangoikamo emoji malire amatsika kufika pa 70, ndiye mayunitsi amatha msanga. Choopsa kwambiri ndinachiona pa gulu lathu la kumudzi. Munthu wamkulu, poona misozi pa kankhope koseka kaja, anakaika pansi pa uthenga wa maliro poganiza kuti akulira nawo. Anamfedwa anapwetekedwa mtima, iyenso anachita manyazi aakulu.

Masitika, omwe WhatsApp inabweretsa mu 2018, amakoma pakati pa anzako a msinkhu umodzi basi. Ndimadana ndi opangidwa kuchokera pa chithunzi cha munthu amene sanavomere, chifukwa anthu amaseka pomwe mwini nkhope akuvutika.

Voice note ndiye ina. Inayamba pa WhatsApp mu 2013, ndipo mu 2022 eni ake anati anthu amatumiza mauthenga otere okwana 7 biliyoni patsiku. Mmenemo munthu amamveka yense: kupuma kwake, kunjenjemera kwa mawu, ngakhale tambala wolira kuseri kwa nyumba. Kwa agogo amene maso akuvuta, kapena mbale amene ali ku Johannesburg ndipo wapukwa kwawo, palibe choposa ichi. Komabe imafuna netiweki yabwino, sungaimvere mu minibasi kapena m'tchalitchi, ndipo ikafika mphindi zisanu anthu amaithamangitsa pa 2x (liwiro lowirikiza kawiri), chisoni chako n'kumamveka ngati ukuwerenga zolengeza.

Njira imene ndimaikonda ndi yomwe timaipeputsa: kulemba Chichewa monga timachiyankhulira. Taonani kusiyana kwa "Ndafika", "Ndafikatu" ndi "Ndafikaaa". Woyamba akungodziwitsa, wachiwiri akukumbutsa kuti mumuganizire, wachitatu wasangalala. Ka "-tu" ndi ka "-di" timagwira ntchito imene emoji singaithe. "Pepani" ndi mwambo, "Pepanitu amayi" ndi munthu amene wakhudzidwa. Tili ndi mifuwu yomwe tinaphunzira ku pulayimale, "Mayo ine!", "Asa!", "Ogo!", komanso mivekero. Ukalemba kuti "ndangoti kakasi", "kunyumba kuli zii", kapena "mtima wangoti myaa", wowerenga amaona chithunzi chonse, ndipo amadziwa kuti ndi iwe chifukwa aliyense ali ndi mivekero yake yapakamwa. Ngakhale kuseka kumasiyana: "kk" ndi kumwetulira kwa ulemu, "kkkkkkk" ndi chikhakhali chenicheni. Anthu a ku Brazil nawonso amaseka ndi k yemweyu, pomwe a ku Thailand amalemba 555 chifukwa 5 m'chiyankhulo chawo amatchulidwa "ha".

Mawu olembedwa amafika pa foni iliyonse, ndipo amasunga ulemu. Kusankha pakati pa "iwe" ndi "inu" kumanena zambiri kuposa timitima khumi tofiira. Chofooka chake n'choti amafuna kuti uime kaye n'kuganiza. Zilembo zazikulu zokhazokha zimamveka ngati kukalipa, ndipo zidule monga "bwnj" ndi "zkm" kwa apongozi zimaoneka ngati ulesi wopereka moni.

Ine tsopano emoji ndimangoiika kumapeto kwa chiganizo chomwe chamveka kale pachokha. Nkhani ya maliro, matenda kapena kupepesa ndimajambula mawu osapitirira mphindi imodzi, kenako n'kuimba foni. Zina zonse ndimalemba. Mlongo wanga uja ndinamufotokozera mmene liwu lake limodzi linandisautsira, ndipo masiku ano, ngakhale ali pa mzere ku chigayo, amalemba kuti "Chabwinotu achimwene, tiyankhulana madzulo."