Pixhawk 2.4.8 ndi ArduPilot: nyenyezi zinayi, patatha miyezi 8 ndi ngozi imodzi

Ndinachita dala kudikira kuti kandege kanga kauluke maulendo ambiri ndisanalembe, chifukwa ndemanga zoyamikira katundu tsiku lomwe wangofika sindizikhulupirira. Bolodi ndikunenali ndi Pixhawk 2.4.8, kakompyuta koyendetsa kandege kopanda munthu. Linabwera ndi GPS ya M8N yokhala ndi kampasi, power module (yopatsa bolodi moto ndi kuyeza batire), safety switch, ndi timawailesi tiwiri ta telemetry (tolumikiza kandege ndi laputopu) ta 433 MHz. Za ndalama zakunja mukudziwa nokha mmene zilili kuno, ndiye anandigulira ndi msuweni wanga wa ku Johannesburg n'kubwera nazo m'chikwama. Ndinalimanga m'kandege ka foam ka mapiko a mita imodzi ndi theka, komwe kale ndinkakaulutsa ndi rimoti yokha.

Musanagule, dziwani kuti 2.4.8 ilibe mwini mmodzi. Pixhawk inayambira ku ETH Zurich ndi Lorenz Meier ndi anzake, ndipo mapulani ake anawasiya poyera kuti aliyense atengere. Mafakitale ambiri akupanga, ena mosamala, ena mongoti zitheke. Mkati muli chip ya STM32F427 ya 168 MHz, koma zina zozungulira zimadalira amene anapangayo. Langa linali labwino. Zobwera nalo ndiye zinandikwiyitsa. Timapulagi take ta DF13 n'tolimba pozula moti tsiku loyamba lomwelo waya wa GPS unatsala m'manja mwanga, pulagi ili chikhalire m'bolodi. Tsopano ndimatitukula pang'onopang'ono ndi nsonga ya kasikuludiraiva. Power module nayo inkanama: batire ikatsika, iyo inkaonetsa pafupifupi theka la volt pamwamba pa zenizeni. Ndinayeza ndi multimeter n'kukonza nambalayo mu Mission Planner, pulogalamu ya pa laputopu yochunira bolodili. Wogulitsayo ndinamulembera kawiri, mpaka lero zii. Nyenyezi yachisanu inathera pamenepo.

Pulogalamu ya ArduPilot, yomwe imaikidwa m'bolodimo, ndi yaulere, koma mumalipira ndi tulo. Mission Planner ili ndi ma parameter ambirimbiri, ndipo sabata yoyamba mutu unazungulira. Pochuna, accelerometer (kachipangizo kodziwira mmene kandege kapendekera) imafuna kuti muike kandege mbali zisanu ndi imodzi: chafufumimba, chamanzere, chamanja, mphuno pansi, mphuno m'mwamba, kenako chagada. Kampasi imafuna muzungulire nako mbali zonse, kutali ndi zitsulo. Ndinachitira pabwalo, ndipo amayi oyandikana nawo nyumba anaima ndi ndowa pamutu n'kufunsa ngati kwabwera gule watsopano.

Tsopano ngozi ija, poti ndi imene inandikondetsa bolodili.

Ma aileron anga (timapiko toyenda takumbuyo kwa mapiko, topendeketsa kandege) ankayenda mosemphana, ndiye ine mwa chizolowezi chakale ndinawatembenuza pa rimoti. Mu MANUAL, mmene rimoti imayendetsa yokha bolodi osathandiza, zonse zinali bwinobwino. Ndinakaponya ku dambo, kanakwera mokongola, n'kusinthira ku FBWA, mmene bolodi limathandiza kuti kandege kakhale kowongoka. Sipanathe masekondi atatu. Kanapendekera kumanja, kupitiriza, kugudubuzika, n'kukazika mphuno pachulu. Ana amene ankaonerera anafika pamalopo ine ndisanafike, wina atanyamula kale phiko.

Usiku umenewo ndinali wotsimikiza kuti andigulitsa chinyengo. Ndinazula kamemori khadi m'bolodi, n'kutsegula log (zonse zimene bolodi linalemba paulendowo) pa laputopu. Pali mizere iwiri, DesRoll ndi Roll: wina ukusonyeza kumene bolodi linkafuna kuti kandege kapendekere, winayo kumene kanapendekeradi. Wina unkapita uku, wina uko. Bolodi linkalamula kuti kabwerere kumanzere, servo (kamota koyendetsa aileron) n'kumakankhira kumanja, ndipo likawonjezera mphamvu ndiye zinkaipiraipira. Wolakwa anali ine. Bolodi silidziwa zimene mwatembenuza pa rimoti. Servo iyenera kutembenuzidwa mu SERVO_REVERSED ya channel yakeyo. Zaka zonse zija kandege kakagwa ndinkangoti ndi mphepo. Ulendo uno ndinaona chifukwa chake ndi maso, sekondi ndi sekondi. Panopa ndisanaponye ndimaika FBWA, kukapendeketsa kumanja ndi manja, n'kuona ngati aileron ya kumanja yatsika. Ikapanda kutero sikauluka.

Nditamata mphuno ndi guluu ndi kukonza cholakwikacho, kanasanduka kena. AUTOTUNE, mmene bolodi limadzichuna lokha kandege kakuuluka, inanditengera ulendo umodzi wokankha timitengo ta rimoti uku ndi uku mpaka kanasiya kunjenjemera. AUTO, mmene kandege kamadziyendetsa kokha, ndinayesa ndi malo asanu olembedwa pa mapu, ndipo kanawatsata ine manja ali m'thumba (kunama, anali pa rimoti, akutuluka thukuta).

Koma chimene ndingagulirenso bolodili ndi RTL, yobweza kandege kokha kumene kananyamukira. Mu July, mwera ukuwomba, kandege kali kutali moti kakungooneka ngati kabawi, rimoti inazima. Batire yake ndinaiwala kutchaja, magetsi anali atathima dzulo lake. Kanayamba kuzungulira pomwe kanali, patapita masekondi asanu kanatembenuka kokha, n'kubwera kudzazungulira pamwamba pa malo amene ndinakaponyera, mamita 100 m'mwamba. Kanandidikira pamenepo mpaka ndinasintha batire ya rimoti manja akunjenjemera. Dziwani kuti ndege ya mapiko mu RTL siitera yokha pokhapokha mutakonzeratu zotero. Imangozungulira mpaka batire ithe. Ndipo failsafe, zimene bolodi limachita rimoti ikazima, muiyese kaye pansi, propela mutachotsa, pozimitsa rimoti dala. Ine ndinali nditayesa, n'chifukwa chake ndikulemba mosangalala.

Pofufuza mtengo mudzaona APM 2.8 yotchipa kwambiri. Isiyeni. Ija ndi ya mbadwo wakale, wochokera nthawi imene Jordi Muñoz ndi Chris Anderson ankamanga ArduPilot pa Arduino. Ili ndi ATmega2560 ya 8-bit, ndipo ArduPilot inasiya kalekale kuitulutsira firmware (pulogalamu ya m'bolodi) yatsopano. Ngakhale Pixhawk yangayi yakalamba. Ma chip ena akale a F427 amangotha kugwiritsa ntchito 1 MB mwa 2 MB, ndipo amafuna firmware yodulidwa yotchedwa Pixhawk1-1M. Amene thumba lake likulola angachite bwino kuyang'ana mabolodi atsopano a chip ya H7. Koma kwa wophunzira amene akudziwa kuti adzagwetsa, ndipo ndithu mudzagwetsa, 2.4.8 ikukwanira.

Kuno zouluka zopanda woyendetsa si zachilendonso. Ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyesera ma drone mu 2017, ndipo African Drone and Data Academy inayamba mu 2020. Komabe zimenezo sizikutanthauza kuti muziulutsa paliponse. Funsani a zandege za malamulo ake, khalani kutali ndi Chileka ndi KIA, ndipo mukapita kudambo la eni yambani mwalonjera amfumu. Ine ndinachita kuwaonetsa kuti mulibe kamera.

Chimene chikundisowabe ndi airspeed sensor yoyeza liwiro la kandege mumpweya, chifukwa pa mphepo yamphamvu bolodi limangoyerekeza liwiro pogwiritsa ntchito GPS, ndipo potembenuka mphepo ili kumbuyo kamatsika pang'ono mtima wanga n'kutsika nako. Ndamuuza kale msuweni uja kuti pa Khirisimasi asabwere chimanjamanja, ndiponso awonjezere timawaya ta DF13 tosungira.