Ndemanga ya zimbale 6 za disc golf zimene ndinagula pa intaneti: mtundu wa chimbale ndiwo unandiphunzitsa zambiri

M'mwezi wa Epulo chaka chatha ndinaitanitsa zimbale 6 za masewera a disc golf kusitolo ina ya pa intaneti ya kuno ku America, ndipo ndinadikira dala kuti zione kaye udzu wa nyengo yotentha, masamba oyoyoka ndiponso sinowo ndisanalembe ndemanga iyi. Ndimakhala ku South Bend m'boma la Indiana, ndipo kawirikawiri ndimasewera ku Rum Village Park, komwe mitengo ndi yothithikana ndithu. Kwa amene sanawaonepo masewerawa, munthu amaponya chimbale cha pulasitiki kuchokera pamalo oyambira mpaka chikagwere m'dengu lachitsulo lokhala ndi matcheni, ndipo wopambana ndi amene wamaliza madengu onse ataponya maulendo ochepa. Zimbale zenizenizo ndakhutira nazo kwambiri, pamene sitolo ndakhutira nayo pang'ono chabe, ndipo zonse ziwiri zagona pa nkhani imodzi imene sindinaiganizire mokwanira pogula, yomwe ndi mtundu wa chimbale, ndiye kuti kaya n'choyera, chobiriwira kapena cha pinki.

Ndinagula Aviar yoyera ya kampani ya Innova yoponyera m'dengu uli pafupi, Leopard ya buluu wowala ya kampani yomweyo, Buzzz ya pinki ya kampani ya Discraft, chimbale china cha mtundu wa lalanje choponyera mtunda wapakatikati, china chowala mumdima, ndi china champhepete yakuthwa choponyera kutali. Zapulasitiki wamba zinali pafupifupi madola 10 chimodzi, pamene zapulasitiki yolimba zinayandikira madola 20.

Chimene ndingachiyamikire ndi mtima wonse ndi Buzzz ya pinki ija. Kaulukidwe kake n'kodziwika kale kwa onse osewera, chifukwa manambala anayi amene kampani imapereka posonyeza mmene chimaulukira ndi 5, 4, -1, 1, kutanthauza kuti chimapita molunjika n'kukakhota pang'ono kumapeto, ndipo kwa munthu amene dzanja silinakhwime chimakhululuka zolakwa zambiri. Koma chimene chachititsa kuti ndichigwire kuposa zinzake zonse si manambalawo ayi. N'chakuti chaka chonsechi sindinachifunefunepo kupitirira mphindi imodzi. Pinki wowala ndi mtundu umene m'nkhalango za kuno supezeka wamba: paudzu wobiriwira umaoneka uli patali, pamasamba ouma ofiirira umaoneka, ndipo pasinowo umachita kuwala ngati duwa. Ngakhale chitalowa pansi pa masamba n'kungotsala kachigawo kakang'ono ka m'mphepete ngati chikhadabo, diso limathamangira pomwepo. Poyamba ndinkauzengereza mtundu umenewu poganiza kuti ndi wa ana, koma nditayang'ana m'zikwama za anthu amene asewera zaka zambiri, ndinaona kuti mwadzaza pinki, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake.

Chimbale choponyera kutali chija ndicho chili ndi dandaulo langa. Patsamba la sitoloyo panali kabokosi kolembamo mtundu umene wogula akufuna, ndipo ndinalembamo kuti pinki, ngati palibe ndiye chachikasu. Phukusi litafika ndinapezamo chimbale chobiriwira moderapo, chapulasitiki yoonekera mkati ngati botolo. Nditabwerera patsambalo ndinaona mawu ang'onoang'ono kunsi onena kuti mtundu wopemphedwa sautsimikiza, ndipo nditawalembera kalata anandiyankha mwaulemu tsiku lotsatira kuti ndingathe kuchibweza, koma ndalama yotumizira ikhale yanga. Ndalamayo inali pafupifupi theka la mtengo wa chimbalecho, choncho ndinangochisunga. Sindikunena kuti anandinamiza, popeza chenjezo linalipo, koma ndikuona kuti sitolo yogulitsa zimbale zokhazokha iyenera kudziwa kuti munthu wopempha pinki kapena chikasu akufuna chimbale chooneka msanga, ndipo ngati mitundu iwiriyo yatha, chanzeru n'kumufunsa kapena kumutumizira mtundu wina wowala, osati wobiriwira.

Chimbale chobiriwiracho chinakhala m'chikwama changa masabata osakwana 7. Tsiku lina m'mwezi wa Juni ndinachiponya mwamphamvu, chinagunda nthambi n'kupatukira kumanja, ndipo tonse anayi amene tinali m'gulu tinaona chitsamba chimene chinagweramo. Tinafika pamalopo, tinatambasula masamba ndi mapazi ndiponso ndi timitengo, mosamala chifukwa panali poison ivy, chomera chimene chimayabwa ndi kutulutsa matuza, moti munthu wodziwa chitedze sachiyandikira mwachibwana. Kuwala kwa dzuwa kunkadutsa m'masamba n'kumapanga timawanga pansi, ndipo pulasitiki yoonekera mkati imatenga maonekedwe a chilichonse chimene chili pansi pake, choncho tinkayang'ana malo osaposa chipinda chogona koma osaona kanthu. Malamulo a bungwe loyendetsa masewerawa la PDGA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1976, amati chimbale chikapanda kupezeka patatha mphindi 3 kuchokera pamene mwafika pamalo amene mukuganiza kuti chagwera, chatayika basi: wosewera amawonjezeredwa kuponya kumodzi ngati chilango, n'kubwerera kukaponyanso pamene anaponyera poyamba. Tsiku limenelo sunali mpikisano, koma kumbuyo kwathu kunali gulu lina likudikira, ndiye tinachisiya. Ndinabwererako madzulo ndiponso m'mawa mwake, koma mpaka lero sindinachionenso, ngakhale kuti kunsi kwake ndinalembako dzina ndi nambala ya foni monga mmene osewera amachitira.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti chimbale choponyera kutali ndicho chiyenera kukhala chowala kuposa zonse, chifukwa ndicho chimagwa kumene maso sakufikako bwino, ndipo chikaphonya njira chimaphonya kwambiri. Choponyera m'dengu chingakhale cha mtundu uliwonse umene mtima wafuna, popeza chimagwa mamita ochepa kuchokera pamene mwaima.

Chalalanje chija chinandisangalatsa kuyambira Epulo mpaka Seputembala, ndipo paudzu wometedwa chinkaoneka bwino kwambiri. Zinthu zinasintha mu Okutobala, mitengo ya maple ndi oak itayamba kuyoyola masamba. Pansi ponse panasanduka pofiira, pachikasu ndi palalanje, ndipo chimbalecho chikagwa chinkatsetsereka n'kulowa pansi pa masamba a mtundu wake womwewo. Ndinachipeza maulendo onse, koma kangapo ndinachita kuchiponda ndi phazi ndisanachione. Kuyambira pakati pa Okutobala mpaka sinowo atagwa ndinachisiya kunyumba, ndipo malo ake anatengedwa ndi Leopard ya buluu, imene m'nyengo ya masamba imapikisana ndi pinki, chifukwa m'nkhalango yofiirira mulibe chinthu china cha buluu kupatula zinyalala zotayidwa ndi anthu. Buluu wake ayenera kukhala wowala ngati thambo la masana. Mnzanga wina ali ndi chimbale cha buluu woderapo, ndipo mumthunzi wa madzulo chimaoneka ngati chakuda.

Leopard imeneyi ndiyiyamikirenso pa kaulukidwe. Manambala ake ndi 6, 5, -2, 1, ndipo siifuna mphamvu zambiri kuti iyende mtunda wabwino, zomwe zimathandiza m'njira zopapatiza za pakati pa mitengo.

Kuno sinowo amagwa wambiri chifukwa cha mphepo yochokera kunyanja ya Michigan, ndipo anthu sasiya kusewera. Aviar yoyera, imene miyezi yonse yam'mbuyo inali yosavuta kuona, mu Januwale inafunika kuisamala, moti ndinkangoiponya ndikakhala pafupi kwenikweni ndi dengu. Komabe sinowo akakhala wakuya, mtundu uliwonse umagonja, chifukwa chimbale chimalowa cham'mbali n'kusiya kamng'alu kakang'ono pamwamba basi. Osewera a kuno anandiphunzitsa kumata kariboni kaatali ngati mkono pakati pa chimbale ndi tepi yolimba, kuti chikamira, kamchirako katsale pamwamba. Tepiyo imagwira bwino mukaimata m'nyumba chimbale chili chouma ndi chofunda. Chowala mumdima chija ndinachigwiritsa ntchito maulendo ochepa m'miyezi imene kumada msanga, ndipo chikawalitsidwa ndi tochi chimagwira ntchito yake usiku, koma masana chimaoneka chotuwa mobiriwira pang'ono, mtundu umene suthandiza paudzu wouma ngakhale pasinowo.

Pali mfundo ina imene ndinaiphunzira kwa bambo wina wachikulire amene timasewera naye Loweruka, ndipo ndikuona kuti ogula ambiri saiganizira. Iwo maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, vuto lomwe amabadwa nalo pafupifupi mwamuna mmodzi mwa amuna 12 alionse a makolo ochokera ku Ulaya, ndipo mwa akazi ndi losowa kwambiri. Chimbale chofiira kapena chalalanje chikagwa paudzu, iwo amatha kuchidutsa chili pamapazi pawo, choncho chikwama chawo chonse n'cha buluu ndi choyera. Ngakhale pinki wanga amene ndikumutama chonchi, iwo amati akakhala wosawala kwenikweni amawaonekera motuwa. Choncho amene akugulira mnzake kapena mwana wake zimbale ngati mphatso ayambe wafunsa mtundu umene mwiniwakeyo amauona msanga paudzu.

Pabwalo mumamvekanso mkangano wakuti mtundu umasintha kaulukidwe, ena amati zimbale za mtundu wakutiwakuti zimakhota msanga kuposa zinzake za dzina lomwelo. Zoona zake n'zakuti zimbale ziwiri za dzina limodzi zimatha kuuluka mosiyana, chifukwa pulasitiki ikamazizira itatuluka m'chikombole siuma mofanana nthawi zonse, ndipo china chimatuluka chotukuka pamsana pamene china n'chophwatalala. Kulemera nakonso kumasiyana, ndipo n'chifukwa chake magalamu amalembedwa kunsi. Nditabwereka Buzzz yobiriwira ya mnzanga yolemera mofanana ndi yanga n'kuziponya mosinthanasinthana, dzanja langa silinapeze kusiyana kulikonse kumene ndikanati kwachokera ku mtundu. Chimene ndinachiona ndi manja anga n'chakuti chimbale chakuda chikakhala padzuwa la mu Julaye chimatentha ndi kufewa pang'ono, moti kagwiridwe kake kamasintha. Kwa ine, kusankha mtundu poyembekezera kaulukidwe kena n'kutaya chinthu chotsimikizika, chomwe ndi kuchiona chimbale chikagwa, pofuna chinthu chokayikitsa.

Zimbale zopakidwa mitundu yosakanikirana ngati nsalu ya tayidayi n'zokongola zedi m'manja, ndipo ndimamvetsa amene amazikonda, koma pansi pa mtengo zimabisala ngati yunifolomu ya asilikali, chifukwa mawangawo amasokoneza mzere wozungulira umene diso limafunafuna. Pa chifukwa chomwecho ndaleka kusirira pulasitiki yoonekera mkati ikakhala ya mtundu woderapo, ya kampani iliyonse.

Pa nyenyezi 5, zimbale zimene zatsala ndikuzipatsa zonse 5, chifukwa zapirira mitengo, miyala ndi kuzizira popanda kusweka, ndipo yoyera ija ikada ndimangoitsuka ndi sopo wotsukira mbale n'kuyeranso. Sitolo ndikuipatsa 3: katundu anafika m'masiku 4 atapakidwa bwino, mayankho awo anali aulemu, koma kabokosi kosankhira mtundu kamapatsa wogula chiyembekezo chimene iwo sakonzeka kuchikwaniritsa. Chimbale cholowa m'malo mwa chotayika chija ndinakagula kusitolo ina imene imajambula chimbale chilichonse pachokha n'kulemba kulemera kwake, kotero kuti chimene waona pachithunzi ndi chomwecho chimene chimafika pakhomo. Ndinawonjezera madola awiri pamtengo, ndinasankha cha pinki chosaonekera mkati cholemera magalamu 170, ndipo chakhala m'chikwama changa kuyambira Julaye mpaka lero.